Pepala la achinyamata liyambira ku Muloza, osati pa bwalo la ndege

Lolemba: Limbe, Bvumbwe, Thyolo

Chiperoni chatipeza titangodutsa pa Bvumbwe. Mvula yake ija yosamveka padenga koma yonyowetsa mpaka mkati yaphimba minda ya tiyi kukafika pa boma. Wobwera kuno mu Julaye asapusitsidwe ndi dzuwa la ku Limbe. Atenge juzi, nsapato zogwira pa matope ndi jumbo yokhuthala yosungiramo makope, chifukwa zolemba za bolopeni zikanyowa, ulendo wonse walowa m'madzi.

Ntchito ya sabata ino ndi kutolera zimene makalabu a achinyamata a ku Thyolo ndi Mulanje akufuna kuti zikamveke ku misonkhano ya mayiko ya chitukuko ndi kusintha kwa nyengo, kenako kuzikonza kuti zilowe m'manja mwa nthumwi zokambirana m'dzina la Malawi. Poyambira ndi ku ofesi ya achinyamata pa khonsolo, kumene kuli kaundula wa makalabu, kenako kwa mfumu ya dera. Mukalumpha makomo awiriwa anthu amabwerabe, koma amabwera akuganiza kuti mwadza ndi pulojekiti, ndipo theka la nthawi limathera pofotokoza kuti palibe alawansi.

Pa msonkhano wa masana madandaulo atuluka ngati ngumbi: mlatho wokokoloka, feteleza wodula, kusowa ntchito, kusowa malo olima, mjigo wouma, kalasi yosasuka denga. Onse ndi oona, koma si onse opita kunja. Choncho dandaulo lililonse lalembedwa pa kapepala kakekake, n'kuikidwa pansi m'milu itatu. Mulu woyamba ndi wa khonsolo, ndipo njira yake ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ya dera (ADC), mpaka dongosolo la chitukuko cha boma. Wachiwiri ndi wa ku Capital Hill ndi ku Nyumba ya Malamulo: bajeti, malamulo, ndondomeko. Wachitatu ndi wa mayiko. Mulu wachitatu umakhala waung'ono nthawi zonse, ndipo ena zimawakhumudwitsa. Asakhumudwe. Mlatho wa pa mtsinje wa kwanu ndi nkhani ya khonsolo. Koma kunena kuti ndalama zomangira milatho yogumuka ndi namondwe zizibwera ngati thandizo osati ngongole, imeneyo ndi nkhani ya mayiko, ndipo mlatho wanu uja umasanduka umboni wake.

Mulu wachitatuwo nawo uli ndi makomo osiyana. Zolinga 17 za chitukuko chokhazikika zimene mayiko anagwirizana mu 2015 zimaunikidwa mu Julaye aliyense ku New York, pa msonkhano wa United Nations wotchedwa HLPF, kumene Malawi anapereka lipoti lake mu 2020 ndi mu 2022. Kumeneko ndi kofotokozera pamene dziko lafika, ndalama sizigawidwako. Za nyengo zimapita ku UNFCCC, mgwirizano wa United Nations wa za kusintha kwa nyengo, ku misonkhano yake ya pachaka yotchedwa COP, ndipo nkhondo ya ndalama imamenyedwa kumeneko. Za mitengo ndi zamoyo zakutchire zili ndi mgwirizano wakewake. Kutumiza pepala ku khomo lolakwika n'chimodzimodzi kukasuma mlandu wa munda ku chipatala.

Lachiwiri: msewu wa ku Makwasa

Kuchoka pa boma kulowera ku Makwasa, maso amaona okha vuto la Thyolo. Pamene pali pabwino pali tiyi ndi makademiya a maesiteti, ena mwa iwo akale ndithu ngati Satemwa imene inayamba mu 1923. Pamene patsetsereka pali chimanga, chinangwa ndi nandolo za anthu, mpaka pamwamba pa phiri la Thyolo pamene panali nkhalango. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma lino ndi oposa 680,000 ku Mulanje. Wachinyamata wofuna kulima amalandira kachigawo ka munda wa amayi ake, nthawi zambiri kotsetsereka. Nthochi zimene zinkalipira fizi zinatha ndi chisaka, ndipo ngakhale mbewu yatsopano ikubwerera, yachepa.

Lero ndi tsiku lophunzira kulemba umboni. Pa chochitika chilichonse pafunika mayankho a mafunso asanu ndi limodzi: chinachitika n'chiyani, tsiku liti, malo ati, chinakhudza anthu angati, chinawononga za ndalama zingati, ndipo ndani angatsimikize. Malo alembedwe ndi dzina la mudzi, la gulupu ndi la mfumu yaikulu, kuphatikiza manambala a GPS a pa foni. Anthu awerengedwe mosiyanitsa amuna, akazi, ana ndi aulumali. Wotsimikiza akhale wa udindo: mlangizi, mphunzitsi wamkulu, wa zaumoyo kapena wapampando wa komiti yoona za ngozi m'mudzi. Chithunzi chijambulidwe mwini atavomera, ndipo ngati ndi mwana wosakwana zaka 18, avomere ndi kholo.

Zolakwika zimene zimapha umboni ndi ziwiri. Choyamba ndi kuwerenga kawiri: banja limodzi lalembedwa ku kalabu ya tchalitchi, lalembedwanso ku kalabu ya mpira, nambala yafufuma. Mankhwala ake ndi kulemba nyumba, osati mayina a ofika pa msonkhano, n'kuyerekeza ndi buku la a mfumu. Chachiwiri ndi kukankhira chilichonse ku kusintha kwa nyengo. Munda wa mizere yoloza kumunsi, wopanda akalozera, wopanda vetiva, ukokoloka ngakhale ndi mvula ya masiku onse. Wodziwa nkhani akaona zimenezi m'pepala lanu amataya lonse, ndi zoona zomwe. Lembani mosabisa kuti mbali iyi ndi ya kalimidwe kathu, mbali iyi ndi ya mvula yoposa muyeso. Pepala lovomera mbali yake limakhulupirika.

Muyeso wa mvulawo sufuna zambiri. Choyezera mvula cha pulasitiki chiikidwe pa mtengo wodzalidwa poyera, kutali ndi denga ndi mitengo, chiziwerengedwa m'mawa uliwonse nthawi yofanana, madzi n'kutayidwa. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, kutanthauza malita 10,000 pa hekitala. Kalabu imene yalemba chonchi zaka zitatu osadumpha tsiku ili ndi chinthu chimene mabungwe ambiri a m'tauni alibe. Tsiku lopanda mvula lilembedwe 0. Mukasiya mpata, wowerenga sadziwa ngati kunalibe mvula kapena wolemba anali ku maliro.

Pabuka funso la lamulo la European Union loletsa malonda ochokera pa malo odulidwa nkhalango, chifukwa ena amva kuti litseka msika wa tiyi. Lamuloli likukhudza ng'ombe, koko, khofi, mafuta a kanjedza, labala, soya ndi matabwa. Tiyi mulibemo, makademiya mulibemo. Olima khofi ndi amene ayenera kusunga manambala a GPS a minda yawo ndi umboni woti malowo sanadulidwe nkhalango pambuyo pa 31 Disembala 2020. Kapepala ka tiyi kachotsedwa pa mulu wachitatu.

Lachitatu: Luchenza, Chonde, Chitakale

Tsiku la pamsewu. Minibasi imachedwa pa Luchenza kudikira kudzaza, ndiye wofulumira akwere sienta. Pa Chonde ndi pa likulu la Mulhako wa Alhomwe, ndipo kuyambira apa phiri la Mulanje limadzaza galasi lonse la kutsogolo.

Pa Chitakale takhala pansi ndi kalendala, chifukwa apa ndi pamene achinyamata ambiri amagwera. Amaganiza kuti COP ndi pokambirana, pamene COP ndi pomalizira. Kumayambiriro kwa chaka, mayiko ndi mabungwe ovomerezeka amatumiza maganizo awo olembedwa pa mitu imene COP yapita inapempha. Mu Juni akatswiri amakumana ku Bonn pafupifupi masabata awiri, ndipo mawu ambiri amene adzakanganiridwe mu Novembala amabadwira kumeneko. Kenako dziko lililonse limakonza mfundo zake. Kwathu kuno ntchitoyi imatsogoleredwa ndi nthambi ya Environmental Affairs, imene ndi khomo la Malawi ku UNFCCC, ndipo mabungwe monga CISONECC ndi National Youth Network on Climate Change amatengako mbali. Mfundo za Malawi zimakalowa m'za gulu la mayiko a mu Africa, m'za gulu la mayiko osaukitsitsa la LDC, ndi m'za gulu lalikulu la mayiko ongotukuka kumene la G77 ndi China. Magulu amenewa amakumana sabata ya COP isanatsegulidwe, n'kumanga mfundo imodzi. Wofika pa tsiku lotsegulira ndi pepala latsopano wapeza nsima itaomoledwa kale.

Gulu la LDC tisamalione patali. Mu 2024 ndi 2025 wapampando wake anali Mmalawi, a Evans Njewa, akulankhulira mayiko oposa 40. Pa COP ya ku Baku mu 2024 gululi pamodzi ndi la mayiko a pazilumba linatuluka m'chipinda chokambirana posakhutira ndi ndalama zimene zinali pa tebulo. Ndiye kuti pepala lolembedwa bwino ku Mulanje silifuna kuwoloka nyanja kuti likafike kwa munthu wodziwa kulinyamula. Likungofuna kufika ku Lilongwe pofika Ogasiti.

Achinyamata alinso ndi njira yawoyawo. YOUNGO ndi gulu lovomerezeka la ana ndi achinyamata ku UNFCCC, limene linayamba kuzindikiridwa mu 2009 n'kutsimikizidwa mu 2011. Kulowamo ndi kwaulere kwa wosapitirira zaka 35, ndipo ntchito yambiri imachitikira pa intaneti m'timagulu ta mitu: ndalama, ulimi, kuzolowera nyengo, zotayika ndi zowonongeka. Misonkhano ya achinyamata ya m'dziko, yotchedwa LCOY, imatulutsa chikalata cha achinyamata a dzikolo, chimene chimakalowa m'chikalata cha dziko lonse lapansi choperekedwa pa msonkhano wa achinyamata a mayiko onse wa COY, COP itatsala pang'ono. Njirayi ndi yabwino pophunzirira, koma tinene mosapsatira: chikalata cha achinyamata sichimanga dziko lililonse. Mawu amakhala ndi mano pokhapokha boma lina litawanena pa maikolofoni yake.

Lachinayi: Limbuli ndi Muloza

Msewu wa M2 umathera pa chipata cha Muloza, tsidya linalo ndi Milange wa ku Mozambique. Pa Limbuli malonda ali mpwechepweche, chimanga, njinga za kabaza, zinanazi, makwacha ndi metikashi kusinthana m'manja. Koma mukapatuka kulowera kumitsinje yotsika m'phiri, miyala ikuluikulu ngati nyumba ili pamene panali minda, ndipo m'malo ena mtsinje ukuyenda pamene sunkayenda.

Namondwe wa Freddy anafika kuno chapakati pa Malichi 2023. M'dziko muno anapha anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa oposa 650,000. Kauniuni wa boma ndi mabungwe othandiza anapeza kuti zowonongeka zinapitirira madola 500 miliyoni, ndipo kukonzanso kunkafuna pafupifupi madola 680 miliyoni. Izi zinadza Idai wa 2019, Ana ndi Gombe a 2022 asanaiwalike, ndipo chaka chotsatira El Niño anaumitsa chimanga mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Nambala ya 680 miliyoni ija isungeni, chifukwa ndi imene imatsegula makutu. Nkhani yolipira zotayika ndi zowonongeka inayambitsidwa ndi Vanuatu m'dzina la mayiko a pazilumba mu 1991, chaka chomwe madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinasesa Phalombe. Inatenga zaka 22 kuti ipeze nyumba ku Warsaw mu 2013. Mgwirizano wa za nyengo wa ku Paris wa 2015 unaipatsa ndime 8, koma mayiko olemera anaonetsetsa kuti palembedwe kuti ndimeyi si maziko oimbira wina mlandu kapena kulipiritsa chipukuta misozi. Thumba la ndalama linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, n'kukhazikitsidwa pa tsiku loyamba la COP28 ku Dubai mu 2023, ndipo malonjezo a pamenepo anali pafupifupi madola 700 miliyoni. Thumba la dziko lonse lapansi, kukula kwake ngati bilu ya namondwe mmodzi m'dziko limodzi la Malawi. Ndiponso amenewo ndi malonjezo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho pepala lizifunsa ndalama zimene zalowadi m'thumba, osati zimene zinalengezedwa pa nsanja.

Chimene achinyamata a kuno angawonjezere pa nkhaniyi ndi zotayika zimene mainjiniya sawerenga. Mlatho uli ndi mtengo wake, nyumba ili ndi mtengo wake. Nanga manda okokoloka? Satifiketi ya MSCE yopita ndi madzi, chiphaso cha unzika, buku la banki mkhonde, mbewu ya makolo ya kalongonda ndi nandolo, masabata amene makalasi anasanduka misasa, atsikana amene sanabwerere ku sukulu misasa itatsekedwa? M'chinenero cha zokambirana zimenezi zimatchedwa zotayika zosawerengeka ndi ndalama, ndipo umboni wake ndi wochepa kwambiri chifukwa palibe amene amautolera. Kautoleredwe kake ndi kosavuta: kaundula wa sukulu wa teremu ya namondwe asanafike ndi wa teremu yotsatira, kuyerekeza mayina, kenako kufunsa kunyumba chifukwa chake. Mayina a ana asatuluke m'kope, m'pepala mulowe manambala okha.

Agogo ena atikumbutsa kuti zimenezi ndi Napolo, ndipo Napolo sanayambe lero. Tawayankha kuti, "Zoonadi agogo, ndiye mutiuze njira zimene anadutsa kale." Kutsutsana nawo n'kutaya nthawi, ndiponso n'kutaya mapu. Akuluakulu amadziwa makhwawa amene anagumukapo, ndipo pamene panadutsa miyala kale ndi pamene idzadutsenso. Njira zimenezo zijambulidwe pa pepala lalikulu, zisonyeze nyumba zimene zamangidwamo tsopano. Bungwe la United Nations linalonjeza mu 2022 kuti pofika 2027 munthu aliyense azilandira chenjezo la ngozi nthawi ilipo. Pempho la kuno ndi lakuti chenjezolo lisamangoti kukubwera namondwe. Litchule kugumuka kwa phiri, litchule kothawira, limveke usiku magetsi ndi netiweki zitazima, ndipo lidutse malire, pakuti Ruo safunsa pasipoti.

Pa za thumba lija, mfundo zitatu zagwirizanidwa: likhale la thandizo osati ngongole, lizitulutsa ndalama msanga ngozi ikachitika, ndipo khomo la ndalama zing'onozing'ono zopita mwachindunji ku magulu a m'midzi, limene malamulo a thumbali amalitchula kale, litsegulidwedi. Chitsanzo chilipo pafupi. Scotland, imene inali yoyamba kulonjeza ndalama za zotayika ndi zowonongeka pa COP26 ku Glasgow, inapereka ndalama zimene zinafika m'manja mwa mabanja okhudzidwa ndi Freddy ku Nsanje, eni ake n'kusankha chochita nazo.

Lachisanu: Likhubula ndi m'phiri

Kuchoka pa Chitakale kupita ku Likhubula ndi ulendo waufupi pa msewu wa ku Phalombe. Wokwera phiri alembetse ku ofesi ya nkhalango, atenge wolondolera njira, ndipo anyamuke m'mamawa. Ku Dziwe la Nkhalamba ndi pafupifupi ola limodzi, ku nyumba yogona ya Chambe ndi maola atatu kapena anayi molingana ndi miyendo. Sapitwa, wa mamita 3,002, si wa ulendo uno. Chifunga chikatsika njira imasowa pa mphindi zochepa, choncho malangizo a wolondolera satsutsidwa.

Phiri ili lili ndi zikalata zambiri. Linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, UNESCO inaliika pa malo osungira zamoyo mu 2000, ndipo mu Julaye 2025 linalowa m'kaundula wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Zikalata zonsezo sizinaletse macheka. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, unadulidwa mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Zimene zikuoneka pamwamba pano ndi zitsa zotuwa ndi timitengo tating'ono todzalidwa ndi Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi ya nkhalango ndi magulu a m'midzi osamalira nazale. Phunziro kwa wokopa akuluakulu ndi lowawa: kupambana pa msonkhano wa mayiko ndi kupeza ndodo, koma woigwira ndodoyo ali kuno. Kaundula wa UNESCO amapatsa mphamvu yofunsa boma za mapulani a phiri, kuphatikizapo nkhani ya miyala ya bauxite ya ku Lichenya imene imadzuka nthawi ndi nthawi. Koma kaundulayo safunsa yekha.

Pa za kudzala mitengo, makalabu asiye kulemba nambala ya mbande zodzalidwa ngati chipambano. Nambala yofunika ndi ya mitengo yamoyo, yowerengedwa mu Okutobala chilimwe ndi moto zitadutsa, chaka choyamba, chachiwiri ndi chachitatu. Dulani kachigawo ka mamita 20 mulitali ndi 20 mulifupi, khomani zikhomo m'makona, werengani momwemo chaka chilichonse. Mkungudza waung'ono umafa kwambiri ndi moto wa osaka nyama ndi otentha makala, choncho bajeti yopanda ndalama zolambulira njira zotchinga moto isanafike Ogasiti ndi bajeti yodzala nkhuni.

Nkhani ya malonda a kaboni, olipira anthu posunga mitengo yoyamwa mpweya wotenthetsa dziko, yafikanso m'midzi, makamaka chimalizireni malamulo a ndime 6 ya mgwirizano wa ku Paris ku Baku. Asanasaine aliyense, mafunso ndi awa: mgwirizano ndi wa zaka zingati, malo ndi a yani, pa kwacha iliyonse mudzi ulandira zingati, nkhuni ndi udzu zizitengedwabe kapena ayi, ndipo mitengo ikapsa wolipira ndani. Wokana kupereka kope la mgwirizano m'Chichewa wayankha kale.

Potsika tadutsa pamene madzi a Likhubula amatengedwa kupita ku Blantyre. Pempho loti gawo la ndalama za madziwo lizibwerera kudzasamalira phiri ndi lomveka, koma ndi la mulu wachiwiri. Lapita ku pepala la ku Lilongwe.

Loweruka: Mulanje boma, tsiku lolemba

Pepala la nthumwi lisapitirire masamba awiri. Pamwamba dzina la mutu wa zokambirana monga ulili pa ajenda, chifukwa nthumwi zimagawana mitu, ndipo wa zandalama sawerenga za ulimi. Kenako umboni, ndime imodzi, manambala atatu kapena anayi otsimikizika. Kenako pempho. Pomaliza mawu enieni a Chingerezi amene mukufuna alowe m'chigamulo, chiganizo chimodzi, chosonyeza wochita, chochita ndi tsiku lomalizira. Nthumwi ya dziko losauka imathamanga zipinda zingapo tsiku limodzi, ilibe nthawi yosandutsa ndakatulo kukhala ndime. Muipatse chophikaphika.

Mawu a m'zigamulo ali ndi makwerero. "Notes" ndi kungoti tamva. "Invites" ndi "encourages" ndi kupempha kopanda chokakamiza. "Urges" ndi kukankha. "Requests" amapereka ntchito kwa ofesi kapena komiti, ndipo amabala lipoti lokhala ndi tsiku. "Decides" ndi kugamula. Ku Paris, pa tsiku lomaliza, mgwirizano wonse unaima kaye chifukwa cha liwu limodzi m'ndime 4: "shall", lokakamiza mayiko olemera, linasinthidwa kukhala "should", n'kulengezedwa kuti kunali kulakwitsa potayipa. Mawu amene ali m'mabulaketi ndiye kuti sanagwirizanidwe, ndipo pamenepo ndi pogwirira ntchito. Chigamulo chimadutsa pokhapokha palibe dziko lotsutsa, ndipo mutu ukakanika umangokankhidwira ku msonkhano wotsatira.

Pempho loti achinyamata atengepo mbali, lolembedwa choncho basi, limadutsa mosavuta chifukwa silitanthauza kanthu. Lolimba ndi lotchula mipando ingati m'gulu la nthumwi za Malawi, osankhidwa bwanji, wolipira ndani, ndipo akabwerako akafotokoze kuti. Pothandizira pali ndondomeko yophunzitsa ndi kulowetsa anthu m'nkhani za nyengo, ya ACE, ya ku Glasgow ya 2021, yochokera pa ndime 12 ya mgwirizano wa ku Paris, imene imalimbikitsa mayiko kuika achinyamata m'magulu a nthumwi zawo. Pakhomo pano pothandizira ndi masomphenya a Malawi 2063 ndi lonjezo la dziko la NDC la 2021, lochepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 51 peresenti pofika 2040. Pa 51 imeneyo, 6 yokha ndi ya ndalama zathu, 45 ikudikira thandizo lakunja. Ndi chifukwa chake nkhani ya ndalama za nyengo zopita ku mayiko osauka, madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, imene inagwirizanidwa ku Baku mayiko osauka akufuna 1.3 thililiyoni, ikukhudza munda wa ku Thyolo.

Za ulendo wakunja zafunsidwa kwambiri, monga mwa nthawi zonse. Kulowa m'chigawo cha zokambirana kumafuna baji. Ya pinki ndi ya nthumwi ya boma, imaperekedwa kudzera ku khomo la dziko lija la Environmental Affairs. Pali ina ya owonjezera a boma, yolowera koma yosalankhulira. Yachikasu ndi ya oonerera, yochokera ku bungwe lovomerezeka ndi UNFCCC, ndipo bungwe lililonse limapatsidwa malo owerengeka. Kuti bungwe livomerezedwe pamatenga chaka kapena kupitirira, choncho kalabu ya m'mudzi ipemphe malo ku bungwe lovomerezeka kale. Baji siigulitsidwa, wokuuzani mtengo wake ndi wakuba. Baji si tikiti, si viza, si malo ogona, ndipo pa COP ya ku Belém mu 2025 mitengo ya malo ogona inachititsa mayiko ena kuchepetsa nthumwi. Wa baji yachikasu amatulutsidwa zokambirana zikafika pothina. Mpata wa gulu la achinyamata wolankhula m'bwalo lalikulu ndi mphindi ziwiri, mawu a Chingerezi osapitirira 250. Zionetsero mkatimo zimapemphedwa pasadakhale, ndipo kutchula dziko kapena kampani pa chikwangwani kungakulanditseni baji. COP31 ili ku Antalya mu Novembala 2026, COP32 ku Addis Ababa mu 2027. Ya ku Addis ndi yapafupi, ndipo wofuna kudzapitako akonze pasipoti ndi bungwe lomutenga kuyambira tsopano.

Ena afunsa ngati zonsezi zinaphulapo kanthu. Mu 2019 ophunzira zamalamulo 27 a pa University of the South Pacific anasankha pempho limodzi: khothi la dziko lonse la ICJ linene udindo wa mayiko pa kusintha kwa nyengo. Sanathamangire ku The Hague, kumene kuli khothilo. Anakopa boma limodzi, la Vanuatu, kuti linyamule pempholo. Msonkhano waukulu wa United Nations unavomera pa 29 Malichi 2023, kuno tikufukulabe matupi m'matope a Freddy. Pa 23 Julaye 2025 oweruza onse anagwirizana kuti mayiko ali ndi udindo mwa lamulo woteteza nyengo, ndipo wophwanya udindowo angayenere kulipira owonongeredwa. Maganizo a khothiwa samanga dziko ngati chigamulo cha mlandu, koma ndime ija ya ku Paris yokana chipukuta misozi tsopano ili ndi choiyankha. Zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi.

Lamulungu: kubwerera kudzera msewu wa Midima

Mapepala atuluka atatu. La khonsolo latsala ndi atsogoleri a makalabu, kuti likalowe pa misonkhano ya ADC. La ku Lilongwe lili ndi nkhani ya madzi a Likhubula, malo olima ndi mipando ya achinyamata m'gulu la nthumwi. La mayiko lili ndi mitu iwiri yokha, thumba la zotayika ndi zowonongeka komanso machenjezo a ngozi. Lililonse lamasuliridwa m'Chichewa, kalabu iliyonse yalandira kope, linanso lapita kwa mfumu. Tagwirizana kuti pakadzatha COP kudzakhale msonkhano pa Limbuli wowerenga chigamulo ndime ndi ndime, kuona mawu amene analowa, amene anafewetsedwa ndi amene anatayidwa, chifukwa pepala la chaka chamawa liyambira pa otayidwawo.

Ndime ya ana osiya sukulu idakali ndi mpata. Kaundula wa sukulu ziwiri za kufupi ndi Muloza sanapezeke dzulo poti aphunzitsi aakulu anali atachoka. Mlembi wa kalabu atumiza manambalawo pa WhatsApp pofika Lachisanu, ndi chithunzi cha tsamba la kaundula mayina ataphimbidwa. Akapanda kufika, ndimeyo ichotsedwa, pepala lipita ku Lilongwe Lolemba linalo lili ndi tsamba limodzi ndi theka.